Mulu Wopanda Penti

Alamu anga a Oddvar Kleiva ndi munthu woti ukapita kukawachezera umabwerako utakhuta khofi koma nkhani ulibe. Anakwatira mkulu wanga Magnhild ine ndikadali pasukulu, ndipo kuyambira pamenepo mawu awo ndakhala ndikuchita kuwatola limodzilimodzi. Ankagwira ntchito pa sitima yoolotsa magalimoto panyanja yathuyi, kukodola madalaivala ndi dzanja kuti asunthire kutsogolo. Ndimawaseka kuti ntchitoyo anaisankha dala poti sinkafuna pakamwa. Iwo amangoti, "Pakamwa pa banja lonse anapatsa iwe, Gunnvor."

Koma ntchito imene mtima wawo unali, yopanda malipiro, inali kuphiri. Njira yokwera phiri la Ramnehetta imayambira kuseri kwa tchalitchi, kudutsa m'mabusa a nkhosa, kenako mitengo imatha n'kutsala miyala yokhayokha. Kumeneko njira sioneka pansi. Munthu amatsata milu ya miyala: ukaima pa mulu uwu uyenera kuona wotsatira, ndipo uliwonse uli ndi chizindikiro cha penti wofiira. Chaka ndi chaka chipale chofewa chikasungunuka, ife a bungwe la okwera mapiri la m'mudzi muno timakwera ndi zitini za penti kukadzutsa milu imene chisanu chagwetsa. Enafe timangounjika miyala ngati mbatatesi. A Oddvar ankamanga. Ankautembenuza mwala m'manja, kuuyang'ana uku ndi uku, kuubweza pansi, kutola wina, mpaka ife kumaliza kudya n'kuyamba kuzizidwa. Milu yawo sinkagwa. Ngakhale uli patali unkadziwa kuti uwo ndi wa a Oddvar, woongoka, wowonda kumwamba, ndi mwala umodzi wautali pansonga.

Magnhild anamwalira ndi khansa mwana wawo mmodzi yekhayo, Sunniva, asanamalize pulayimale. Tinamulera awiri, bambo ake kumupatsa chakudya ndi nsapato, ine kumuphunzitsa kuyankha anthu. Mwamwayi anatengera ine. Ankakwera phiri pambuyo pa bambo ake akulongolola njira yonse, iwo akungoti "mm" apo ndi apo kuti adziwe kuti akadali moyo. Atakula anakhala namwino kutauni, koma akangopeza Loweruka lopuma ankatulukira kuno ndi jombo zake. Phirilo ankalidziwa kuposa khitchini yake, ngakhale kuti zimenezo sizinali zovuta, poti kuphika sankakudziwa n'komwe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Linali tsiku la mu Juni, kunja kuli mbee, tsiku loti ngakhale mlendo wovala nsapato za kutchalitchi akanakwera n'kubwerako. Pafupi ndi nsonga njira imakhota kuthawa phompho. Sunniva anapatuka pang'ono kuti akajambule nyanja. Chaka chimenecho chipale chinachedwa kusungunuka, ndipo mphepo inali itachiunjika m'mphepete mwa phompho mpaka kulendewera panja ngati khonde lopanda nsanamira. Pamwamba pake pankaoneka polimba ngati pena paliponse. Mnzake amene anali naye anati anangomva kaphokoso, potembenuka n'kupeza munthu palibe.

Pansi pa phompholo pali madzi oundana amene sasungunuka chaka chonse, okhala ndi ming'alu yakuya. Anyamata a gulu lopulumutsa anthu anatsikako ndi zingwe, helikopita inazungulira, sabata inatha. Anapeza ndodo yake imodzi basi. Mtsogoleri wawo, Arnfinn, amene anaphunzira kalasi imodzi ndi Sunniva, ndiye anabwera kudzatiuza kuti asiya kufufuza, chifukwa miyala inkagumuka kwambiri ndipo akanataya munthu wina. A Oddvar anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Wachita bwino, mwanawe." Ine ndinamulalatira mpaka mawu kusasa, iye ali chiimire, chipewa m'manja.

Mwambo wa maliro tinachita popanda bokosi. Kumanda kulibe dzina lake, chifukwa a Oddvar anakana kuimika mwala pa dothi lopanda munthu. M'malo mwake chilimwe chomwecho anakwera okha masiku ambiri, n'kumanga mulu pamene mapazi a mwana wawo anathera, pafupi ndi m'mphepete. Unali wokongola kuposa milu yonse imene anamangapo, wofika pachifuwa. Arnfinn anafunsa mwaulemu ngati sudzasokoneza anthu.

"Ulibe penti," anatero a Oddvar. "Munthu wamaso amatsata penti."

Nkhani inathera pomwepo, ndipo tonse tinaona kuti n'zomveka. Ndani akanalimbana ndi bambo amene alibe ngakhale manda oti akaikepo maluwa?

Kwathu kuno munthu akafika pa mulu wachikumbutso amaikapo mwala. Anzake a Sunniva a kuchipatala ankabwera chaka chilichonse, aliyense ndi kamwala m'thumba, tina tosalala totola m'mbali mwa nyanja. Alendo osamudziwa n'komwe ankaona anthu akupatuka, iwonso n'kupatuka. A Oddvar sankakonda kuona miyala yongoponyedwa, choncho ankaitola n'kuilowetsa bwinobwino m'malo oyenera, ndipo muluwo unkakula uli woongoka mpaka unapitirira mutu wa munthu. Mapazi nawo anachita zawo. Ndere za pamiyala zinapalika, panabadwa kanjira kotuwa kochoka pa njira yeniyeni kukafika pa mulu, n'kupitirirako pang'ono, poti munthu akafika pamenepo amafuna asuzumire kuti aone kumene mnzake anagwera. Anthufe ndi otero.

Lamlungu lililonse nyengo ikalola, a Oddvar ankakwera. Ankakhala pansi atatsamira muluwo, kutsegula fulasiki, kudya buledi wawo wa tchizi. Tsiku lina ndinawatsatira mochedwa, n'kuwapeza akulankhula. Ndinaima patali, mphepo ikundibweretsera mawu. Ankamuuza za sitima yatsopano yoyendera magetsi, za bondo lawo, za nkhosa ya aneba imene inalowa m'tchalitchi, za ine kuti ndakalamba koma lilime silikalamba. Munthu amene panyumba unkachita kumuzula mawu ngati msomali wadzimbiri, kumeneko ankacheza mpaka kuseka yekha. Zinandipweteka. Ndinachita nsanje ndi mulu wa miyala, ine munthu wamkulu ndi imvi zanga, koma ndinakondwanso kuti ali napo poika mawu awo. Ndinabwerera asanandione.

Zinakhala choncho zaka zoposa khumi. Kenako mu Ogasiti wina kunabwera banja la ku Denmark, a Mogens ndi akazi awo a Birthe, aphunzitsi opuma ntchito. Anthu a ku Denmark timawaseka kuti kwawo phiri lalitali ndi mulu wa manyowa kuseri kwa khola, koma awawa sanali ongoyerekeza. Anali ndi jombo zabwino, mapu, zovala za mvula, ndipo anauza mwini nyumba imene ankagona nthawi imene abwerere. Anachita zonse zimene timalalikira alendo. Ali pansonga chifunga chinatsika, chija chimabwera mosagogoda, kungoti mbuu. Anayamba kutsika mulu ndi mulu, a Mogens ali patsogolo. Masana omwewo a Birthe anaimba foni kupempha thandizo, ndipo anyamata anawapeza atakhala pansi, atakumbatira mulu wa Sunniva, akuopa ngakhale kutambasula mwendo. Thupi la amuna awo linapezeka mawa lake pa thanthwe lina pakati pa phompho.

Aliyense amene anakwera tsikulo anaona chimene chinachitika. M'chifunga penti saoneka. Chimaoneka ndi chithunzithunzi cha mulu, ndipo potsika kuchokera kunsonga mulu wa njira unali waufupi, chakumbali, pamene wa Sunniva unali patsogolo penipeni, wautali, womangidwa ndi dzanja lomwe lija, ndi kanjira pansi pake.

Ife a komiti ya bungwe lathu lija tinakumana muholo, a Oddvar osawaitana. Panali khofi ndi makeke monga mwa nthawi zonse. Kwathu kuno ngakhale dziko litamatha tidzayamba tatereka khofi.

"Tiike chikwangwani pokhotera paja," anatero wina.

"M'chifunga awerenga ndani?" ndinafunsa. "Nkhosa?"

"Kapena titchinge kanjirako ndi unyolo."

"Chipale chidzaudula chisanu choyamba," anatero Arnfinn. Kenako, akuyang'ana m'kapu mwake, anati, "Muluwo uyenera kuchoka. Tonse tikudziwa."

"Ndiye kawauze a Oddvar," ndinatero.

"Mayi, ine ndinapitako kale kamodzi kukawauza kuti tasiya kufufuza mwana wawo. Kachiwiri sindingathe. Inu ndinu alamu awo."

"Chabwino, ndipita mawa."

Apo ndiye onse anadzuka. "Ayi, a Gunnvor, inu mukakalankhula mukawamaliza munthuyo. Nyengo yokwera yatsala pang'ono kutha. Tidikire chipale chigwe, tidzakamba nawo modekha m'chisanumu."

Anakweza manja, ndipo odikira anapambana. Anagwirizana zoti pakadali pano akuze mulu wa njira n'kuupaka penti wambiri. Ndinawakumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, n'kutuluka ndikumenyetsa chitseko. Koma pansi pa mtima ndinamasuka, chifukwa Sunniva anali mwana wanganso, ndipo pa mulu uja panali miyala yanga.

A Oddvar anamva kuti munthu wagwa "chakumtunda kuja". Aliyense ankawauza choncho, chakumtunda kuja, ndipo iwo sanafunse kuti pati. Si munthu wopusa. Ndikhulupirira kuti theka ankalidziwa, theka linalo anangolikhalira.

Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mu Sepitembala a Birthe anabweranso, ataika maliro a amuna awo kwawo. Anafunsa m'sitolo kuti amamanga milu ya kuphiri ndani, ndipo wogulitsa, munthu wobwera kumene m'mudzi muno, anawalozera nyumba. Ine ndinali komweko, nditabweretsera alamu msuzi wa nsomba.

"Pepani pokudzidzimutsani, bambo," anatero a Birthe pakhomo. "Ndine mkazi wa munthu uja anagwa mu Ogasiti."

A Oddvar anawapatsa mpando. Ine ndinathira khofi, a Birthe n'kupitiriza.

"Akuti mulu wautali uja ndi wa mwana wanu. Sindinkadziwa. Ndinaugwira nthawi yaitali tsiku lija, mwina ndi umene unandisunga. Ndabwera kudzapempha ngati mungamangire amuna anga wina, waung'ono, pambali pake. Ankakonda ntchito yamanja yooneka bwino. Ndipotu mawu awo omaliza anali onena za mulu wanuwo."

"Mayi, imwani khofi asanazizire," ndinatero.

"Asiye alankhule, Gunnvor," anatero a Oddvar. "Anati chiyani?"

"Tinali titasowa mulu wotsatira. Ine ndinaona kena kakafupi chakumbali, ndinati mwina ndi uko. Iwo anaseka, anati, 'Birthe, taona uwu. Munthu sangavutike kumanga chinthu chokongola chonchi pamalo popanda njira.' Ndiye anatsogola, ine ndinatsalira kumanga chingwe cha nsapato."

Mayiwo sankaimba mlandu aliyense. Ankalankhula ngati munthu amene wabweretsa mphatso. A Oddvar anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Ulibe penti," anatero, koma motsitsa, ngati akuyesa kuona ngati mawuwo akadali ndi mphamvu.

"Penti sitinkamuona paliponse, bambo. Kunalibe chooneka."

"Eya," anatero a Oddvar. "Wa amuna anu sindimanga, mayi, mundikhululukire. Ndipo wa mwana wanga simudzaupezanso."

Apa m'pamene a Birthe anazindikira chimene anena. Anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. "Sindinabwerere zimenezo ine."

"Ndikudziwa. Mukanabwerera zimenezo ndikanakutsutsani."

Anawaperekeza mpaka pagalimoto. Pobwera anaima pakhomo n'kundiyang'ana.

"Nonse mumadziwa?"

"Inde, alamu."

"Nanga pakamwa ponse paja unkapasungira chiyani?"

Ndinatola makapu n'kuyamba kutsuka.

Arnfinn atamva anati atumiza anyamata kuti akagwetse muluwo, a Oddvar asadzivutitse. Iwo anakana. "Mulu ndiphwasula ndekha. Kukatseka kanjirako mubwere nonse." Ndipo Loweruka lotsatira tinakwera, pafupifupi mudzi wonse, ngakhale aja amangobwera kumisonkhano kudzadya makeke. Anzake a Sunniva anabwera kuchokera kutauni. Kunali kozizira, chipale choyamba chitayeretsa kale nsonga za mapiri a kutsidya.

Kuphwasula mulu n'kovuta kuposa kuumanga. Miyalayo sungaiponye kuphompho, poti sudziwa amene ali pansi. Sungaiunjike pena, chifukwa ukatero wamanga mulu wina. Uyenera kuumwaza wonse, mwala uliwonse pawokha, mbali ya ndere kumwamba, uuzike pakati pa inzake kuti uoneke ngati wakhala pamenepo chilengedwere dziko. A Oddvar ankachotsa mwala pamulu, kuupereka kwa munthu, n'kuloza ndi chibwano koti apite nawo. Ukauika molakwika ankabwera kudzautembenuza osanena kanthu. Timiyala ta kunyanja tija sitikanabisika pakati pa miyala ya kuphiri, choncho anatiika m'chikwama chawo kuti akatibweze kumadzi. Enafe tinkagubuduza miyala ikuluikulu kutseka kanjira, kutembenuza yopalika ija, kutsindira ndere m'mipata.

Mwala wapansonga uja, wautali, ndi umene anayamba kutsitsa, koma anaugoneka pambali mpaka zonse zitatha. Arnfinn anawayandikira.

"Bambo, bwanji uwo tiugoneke pomwepa, pansi, mwathyathyathya? Palibe adzauone. Inu nokha muzidziwa."

"Mwala ukaoneka kuti unaikidwa ndi munthu, wina adzaikapo wachiwiri," anatero a Oddvar. "Wachitatu adzaika mwana wasukulu. Ndawaona anthu zaka zonsezi." Anaunyamula okha, akutsimphina ndi bondo lija, kupita nawo kutali, ndipo anatiuza kuti tisayang'ane kumene akukausiya. Ine ndinalira tsikulo kuposa tsiku la mwambo wa maliro, chifukwa tsiku lija ndinali wokwiya, koma tsiku ili ndinalibe womukwiyira.

Masabata otsatira, chipale chisanatseke phiri, anyamata anasuntha njira yeniyeniyo kuti ipite kutali ndi phompho, ndipo a Oddvar anamanga milu yatsopano pokhotera, yaitali, yoyandikana. A Birthe anatumiza maluwa kutchalitchi pa Khirisimasi. Dzina la amuna awo lili pa kachitsulo m'khonde la holo, pamodzi ndi la Sunniva ndi la mbusa wina wa nkhosa wakalekale amene anafera paphiri lomweli. Komiti inagwirizana kuti mayina azikhala pamenepo, kuphiri kuzikhala milu ya njira yokha. A Oddvar anavomera, koma sindinawaonepo ataima pa kachitsuloko.

Chisanu chimenecho anabwerera ku "mm" wawo uja. Ndinkapita kawirikawiri ndi chakudya, kulongolola za aliyense m'mudzi, iwo akuyang'ana pawindo. Chipale chitasungunuka mu Julayi anandiimbira foni, chinthu chimene sachita.

"Lamlungu ukuchita chiyani?"

"Ndikudikira mwamuna wolemera adzandifunsire."

"Ndiye uli ndi mpata. Tikwere."

Tinakwera pang'onopang'ono, nkhalamba ziwiri, tikupuma pafupipafupi n'kumanamizira kuona nyanja. Kunja kunali kowala. Titafika pokhotera a Oddvar anaima, n'kuyang'ana cha kuphompho. M'mphepetemo ndi mwamutali, ndipo monsemo ndi miyala yotuwa yofanana. Chisanu chinali chitatsindira zonse, ndere zitagwira. Anayenda pang'ono m'njira, kuima, kubwerera, kuphimba maso ndi dzanja. Kunjira sanachoke ngakhale phazi limodzi.

"Ndi paja pali thanthwe losweka," anatero. Kenako, "Ayi. Thanthwe lija linali kumanja."

Pambuyo pathu panadutsa banja lina, bambo, mayi ndi ana awiri, akutsika kuchokera kunsonga. Anatipatsa moni, n'kukhota ndi njira osacheukira n'komwe kuphompho, ana akuthamangira kukagunda mulu wotsatira.

"Gunnvor, iwe ukupaona?"

Ndinafuna kunama. Ndikanaloza paliponse, iwo akanavomera mwina. Koma ndinayang'anitsitsa mpaka maso kuchita misozi, ndipo sindinapadziwe.

"Sindikupaona, alamu."

"Ndiye kuti ntchito tinaigwira," anatero.

Anakhala pansi m'mbali mwa njira, kutsegula fulasiki, kundithirira khofi m'chivindikiro. Anatulutsa buledi koma sanadye. Ndinaona milomo yawo ikufuna kuyamba, n'kusiya.

"Lankhulani naye," ndinatero. "Ine ndisuntha, ndikakhala uko. Akumvani ngakhale muli pano."

"Ndikudziwa," anatero a Oddvar. "Koma ndiyang'ane kuti?"

Ndinalibe poti ndiwalozere.